Pampu ya Mlomo Umodzi

Kunali telala wina ku Mitundu, munthu wa manja abwino. Akakusokerani buluku simunkabwererakonso kukadandaula. Woipa mtima sanali, musafulumire kumuweruza. Chilema chake chinali chimodzi basi: ankadana ndi kubwereketsa zinthu zake. Ndipo kunena chilungamo, chifukwa anali nacho. Sizasi yake anthu anakadulira malata, inabwera ili mano okhaokha. Simbi yake inapita kuukwati, inabwera yopanda chogwirira. Koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali pampu ya njinga. Anali atagulapo mapampu atatu, ndipo onse atatu anathera m'manja mwa anthu.

Nonsenu mukudziwa mmene pampu imayendera kwathu kuno. Munthu akaima pakhomo panu ndi tayala lakuphwa, simungamuuze kuti ilipo koma sindikupatsani. Dzayeseni tsiku lina muone. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udzakhala utadziwa kuti ndinu munthu wotani. Ndiye telala uja ankapereka, nkhope ikuseka, mumtima akutukwana. Pampu ikatuluka Lolemba inkabwera Lachisanu, mwinanso osabwera n'komwe. Inu a Chadza mukusekanu, wilibala yanu ija tinaiona liti kunja kwa mpanda? Khalani chete mumve.

Chaka china telala uja anagula njinga ya pakaunjika, yamagiya, yopepuka moti ankainyamula ndi dzanja limodzi. Anaikonda njinga imeneyo kuposa makina ake osokera. Lamlungu masana ankangoikwera n'kupita kutali popanda chokachita, anthu n'kumafunsana ngati mutu ukuyendabe bwino. Iye analibe nazo ntchito. Anaphunzira kuti ulendo wautali umakoma katundu akachepa, ndiye chilichonse chopita nacho ankayamba wachiyesa padzanja. Chikalemera pang'ono, chinkatsala pakhomo.

Tsiku lina mlongo wake wa ku Mkanda anaimba foni. Mwana wake wamkazi, Mwandida, anali atapeza mwamuna, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka likubweralo. Telala ndiye anali malume wa mtsikanayo, mwini mbumba, ndipo panalibenso mwamuna wina wa mbali yawo woti n'kukhala pamphasa m'malo mwake. Pachinkhoswe, monga mukudziwa, akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, ankhoswe n'kusinthana. Msoti umenewo unayenera kuchoka m'manja mwa telala.

Tsono nkhani inali itavuta kale. Chinkhoswe chimenechi chinali chitalephereka kamodzi, ndipo wolakwa anali telala yemweyo, amene anatanganidwa ndi mayunifolomu a ana asukulu n'kutumiza uthenga mochedwa. Akuchimuna anachoka ku Santhe, anakhala pamphasa tsiku lonse, nabwerera ndi tambala wawo. Ulendo uno ananeneratu poyera kuti dzuwa likafika pamutu malume asanaoneke, iwo adzadziwa kuti mwana wawo sakufunidwa pabanjapo, ndipo sadzabweranso kachitatu. Mlongo wake ananena zimenezi akulira. Telala analumbira kuti afika ndithu, ndipo afika panjinga, pakuti minibasi inkamuchititsa nseru. Ulendo wake unali wa masiku awiri.

Zigamba anali nazo, guluu anali naye. Chosowa chinali pampu. Lachinayi anakankha njinga yake mpaka pasitolo ya zipangizo za njinga, ndipo mwini sitolo anamuyalira mapampu atatu patebulo.

Yoyamba inali yaikulu, yopondera pansi. Mwini sitolo anati imeneyo ukangopopa kakhumi tayala lalimba. Telala anainyamula, anaibweza pomwepo. Inali yolemera ngati musi, ndipo pakaliyala panali pofunika kukhala nkhuku.

Yachiwiri inali yotalika kuchokera pachigongono kufika kuzala, yopepuka bwino. Yachitatu inali kakang'ono zedi, koti n'kulowa m'thumba la buluku. Apa mwini sitolo anawerama n'kuyang'ana vavu ya njinga ya telala, kachitsulo kolowetsera mpweya m'chubu kaja. Anamuonetsa kuti vavu yake inali yonenepa, ngati ya galimoto, pamene njinga zambiri za m'midzi muno zili ndi vavu yachikale, yowonda kunsonga, ya kamphira mkati. Pampu yachiwiri ija inali ndi milomo iwiri, wina wa vavu yonenepa, wina wa yowonda. Kakang'ono kaja kanali ndi mlomo umodzi, wa vavu yonenepa yokha. Mtengo sunasiyane. Mwini sitolo anati akanakhala iye wa paulendo, akanatenga ya milomo iwiri osaganiza kawiri.

Telala anatembenuza kapampu kaja m'manja n'kufunsa.

"Ndiye mukuti aka sikangapope njinga ya aneba anga?"

"Sikangagwire ngakhale pang'ono. Mpweya ungothawira kumbali."

"Njinga za m'mudzi mwathu zonse?"

"Zonse za vavu yachikale. Palibe ndi imodzi yomwe."

"Ndikulungireni komweka."

Pobwerera ankadziuza yekha kuti wasankha kameneko chifukwa cha kupepuka. Bodza lenileni! Kusiyana kwa mapampu awiriwo sikunkafika ndi kulemera kwa dzira limodzi. Chimene chinamukoma n'chakuti anali atapeza njira yokanira popanda kunena kuti ayi.

Ndipo madzulo omwewo anaona kukoma kwake. Neba wake anabwera akukankha njinga, atamva kale kuti kwa atelala kwalowa pampu yatsopano. Telala anatuluka nayo mwachangu, anaipereka ndi manja awiri, anamubweretseranso mpando. Neba anayesa uku, anayesa uku, anamatira ndi chala, anakulungapo kansanza. Mpweya unkangoti fyuu kumbali. Telala anapukusa mutu mwachisoni n'kupepesa kwambiri, akuti zinthu za masiku ano n'zovuta kuzimvetsa. Neba atangokhota kuseri kwa mpanda, bambo wamkulu ndi ndevu zake analowa m'nyumba n'kuvina yekha pafupi ndi makina.

Lachisanu m'mamawa anamanga kadengu ka msoti pakaliyala, jekete la pachinkhoswe analipinda bwino m'jumbo, n'kuuyamba. Ulendo unakoma, abale. Mphepo inali kumbuyo, msewu wouma, njinga ikungoyenda yokha. Anadutsa anthu a makala akukankha pachitunda, iye ali pachishalo akuimba nyimbo ya kwaya. Chakumasana munga unalasa tayala lakutsogolo. Sanadandaule. Anakhala pansi pa mtengo, anamata chigamba, anatulutsa kapampu kake. Kanagwira ntchito ndithu, tisakanamizire. Kungoti kankafuna kupopa mpaka mkono kuchita dzanzi, chifukwa mpweya wake unali wochepa. Tayala linalimba, iye anakapsompsona n'kukabwezera m'thumba. Tsiku limenelo anakagona kwa telala mnzake ku Namitete.

Loweruka analawira, anadutsa pa Kamwendo dzuwa likungotuluka, n'kukhotera kumpoto. Atayenda ndithu anasiya msewu waukulu n'kulowa njira yachidule yafumbi imene anthu anamulozera. Anawerengera kuti afika nthawi ikadalipo yosamba ndi kuvala jekete. Koma potsetsereka kupita pakamlatho kena ka matabwa, tayala lakumbuyo linagunda chitsulo chimene chinatulukira m'mbali mwa thabwa. Linaphulika ngati mfuti. Msoti unakuwa, telala anatsala pang'ono kugwera mumtsinje.

Atatsegula anapeza tayala lang'ambika m'mbali, chubu nacho chang'ambika motalika ngati chikhatho, pafupi penipeni ndi vavu. Tayala silinamuvute. Munthu anali telala, singano ndi ulusi wolimba sizinkachoka m'thumba mwake, ndipo analisoka bwinobwino. Koma chubu sichisokedwa. Anamata chigamba, chinamatuka. Anaphatikiza ziwiri, zinamatukanso. Anatola zida zake n'kuyamba kukankha.

Mwamwayi mudzi sunali patali, ndipo polowera penipeni panali kagolosale. Pakati pa sopo ndi machesi panalendewera chubu chimodzi chokha, chafumbi, chooneka kuti chakhalapo zaka. Telala anachigula akuthokoza Mulungu mokweza. Anachilowetsa m'tayala, anabwezera tayala pamalo pake, anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kapampu kake. Pamenepo ndi pamene anayang'ana vavu ya chubu chatsopanocho. Inali yachikale, yowonda kunsonga.

Anayesa uku, anayesa uku. Anamatira ndi chala. Anang'amba kansanza n'kukulungapo. Mpweya unkangothawira kumbali. Anaimirira, anayang'ana kapampu kali m'manja mwake, anayang'ana dzuwa. Manyazi anamugwira ngakhale panalibe womudziwa pamalopo.

Anafunsa mayi wa pagolosale ngati m'mudzimo muli pampu. Mayiyo anati ilipo imodzi, ndipo dzana inali kwa a Chikakuda, nyumba ya malata kuseri kwa mjigo. Telala anakankhira njinga komweko. Tsono kumudzi kwa eni simungofika n'kunena kuti pampu. Anaodira, anapatsidwa mpando, analonjerana, anafotokoza kumene wachokera ndi kumene akupita, anayankhanso za nkhuku. Atatha zonsezo a Chikakuda anati pepani, pampu anaitenga aphunzitsi dzulo.

Kwa aphunzitsi anapeza akazi awo. Mpando, malonje, nkhani ya nkhuku. Mayiwo anati inalidi pano, koma atsikana a mpira wamanja anaitenga kukapopera mpira wawo, akafunse kwa wosunga mpirayo pafupi ndi tchalitchi. Kumeneko anamuuza kuti yangochoka m'mawa womwewo, yapita kwa bambo wina wogulitsa nsomba zouma. Bambo wa nsombayo anali atapita kale kukagulitsa m'midzi ina, koma apongozi ake, atamulonjera mofatsa kwambiri, anakumbukira kuti anaona a Nangondo akudutsa nayo. Telala ankamwetulira pakhomo lililonse, thukuta likutsika m'khosi, mithunzi ya mitengo ikufupika iye akuona. Mumtima ankati, taonani zimene ndimanena zija, pampu ikalowa m'mudzi ilibenso mwini.

A Nangondo anawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusankha tomato n'kumaika m'madengu awiri. Anali mayi wachikulire pang'ono, wolankhula mosazungulira. Atamva nkhani yake sanamupatse n'komwe mpando. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pampu.

Koma pampu yake! Yakuda, yopindika pakati, utoto unachoka kalekale. Chogwirira chinali chansungwi, chosemedwa ndi mpeni. Kapaipi kake kanali komangidwa ndi mphira malo atatu. Telala anafunsa kuti mwini wake ndani. Mayiwo anaseka, nati amene anaigula anasamukira ku Zambia zaka zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo imagona pamene dzuwa laipeza. Chogwirira anasema a Chikakuda. Chikopa cha mkati anadula aphunzitsi ku lilime la nsapato yawo yakale. Mphirazo anamanga iwo eni. Anati aliyense amene yamuthyokera m'manja amaikonza, chifukwa akudziwa kuti mawa aifunanso.

Telala anamangirira kapaipi kuvavu n'kupopa. Sanafike ndi makumi atatu, tayala linali gwa. Anaseka ndi chimwemwe, anayamba kuthokoza, mwendo umodzi uli kale pamwamba pa njinga. A Nangondo anamuimitsa. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kupaka pansonga ya vavu. Panatuluka kathovu, kanaphulika, panatulukanso kena. Anati kamphira ka mkati kauma chifukwa chubu chakhalitsa pagolosale, ndipo m'mudzi monse mulibe kena. Mpweya ukhala ukutuluka pang'onopang'ono. Akayenda mpaka kudutsa dambo, tayala likhala litagonanso pansi.

Telala anafunsa kuti ku Mkanda kwatsala mtunda wotani. Anamuuza kuti munthu wopalasa mwamphamvu amayenda maola awiri. Anayang'ana kumwamba. Maola awiriwo analipo, koma osapitirira.

Apa anakhala pansi padothi. Anaona m'maganizo akuchimuna akunyamuka ndi tambala wawo kachiwiri. Anaona Mwandida, mwana amene iye mwini anamusokera diresi loyamba la kusukulu, akusekedwa pamjigo kuti amalume ake anamuthawitsira banja. Chofunika ankachidziwa: kunyamula pampuyo n'kumapopa m'njira. Koma pakamwa panakana kupempha. Angapemphe bwanji pampu imodzi yokha ya mudzi wonse, iye mlendo wosadziwika ndi dzina lomwe? Ankadziwa bwino lomwe yankho limene iye akanapereka, wopemphayo akanaima pakhomo pake ku Mitundu.

A Nangondo anatenga chingwe cha pa dengu la tomato, anamanga pampu uku ndi uku, n'kumukoleka nayo kumsana.

"Nyamukani, bambo. Mukabweza pobwerera. Mukadzandipeza kulibe, mudzasiye nyumba iliyonse."

"Mayi, nanga inu tomatoyu mupita naye bwanji kumsika?"

"Msika ndi mawa. Tayala la njinga yanga likadzaphwa ndidzakankha, si koyamba."

"Koma simukundidziwa."

"Sindikukudziwani, eya. Koma mukuchedwa."

Telala anafuna kunena mawu ambiri, koma mayiwo anali atabwerera kale pa tomato wawo. Anakwera njinga.

Anapalasa ngati wothamangitsidwa. Atadutsa dambo anatsika, anapopa, anakwera. Pachitunda anatsika, anapopa, anakwera. Anapopa kasanu ndi kanayi m'njira imeneyo, ndipo pofika kachisanu anali ataphunzira kumasula pampu kumsana njinga isanaime. Anthu a m'njira ankamuyang'ana modabwa, bambo wa njinga yokongola chonchi ndi chipampu chonyansa kumsana, nkhuku ikudandaula kumbuyo. Iye ankangowakwezera dzanja. Zosamba ndi zovala jekete anaziiwala.

Pamene ankalowa pabwalo la mlongo wake, dzuwa linali pamutu penipeni. Akuchimuna anali ataimirira kale. Nkhoswe yawo, bambo wamtali wa imvi, anali atapana tambala m'khwapa, akusansa fumbi kubuluku. Mlongo wake wa telala anali ataima pakhonde manja ali kumutu. Mwandida sankaoneka, anali kuseri kwa nyumba.

Telala sanafotokoze za kamlatho kapena za chubu. Anagoneka njinga pansi, anamasula msoti, anayenda mpaka pamphasa ali fumbi lokhalokha, pampu ikadali kumsana. Anagwada, anaomba m'manja, n'kunena kuti walakwa kawiri ndipo alibe chodzikanira, koma mwana wawo akufunidwa pabanja pano. Bambo wa imvi uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'ana thukuta, anayang'ana manja akuda ndi girisi. Kenaka anati munthu wosafuna mkamwini safika akuoneka chonchi. Anakhala pansi, anzake onse nawo anakhala. Amayi anayamba nthungululu, tambala anapita uku, msoti unapita uko.

Mwambo utatha, Mwandida anabwera ndi madzi m'beseni, anagwada pafupi ndi amalume ake kuti asambe m'manja. Maso anali ofiira koma ankaseka.

"Amalume, ine ndimadziwa kuti mubwera."

Telala anayankha akusamba m'manja.

"Ine sindimadziwa, mwana wanga. Nzeru zanga zinathera pakamlatho. Andifikitsa kuno ndi anthu osandidziwa."

Tsono inu, abale anga, mwandifunsa kuti pa ulendo wathu wa panjinga wa mwezi wamawa mugule pampu yotani. Gulani yopepuka, inde, msana ndi wanu. Muiyese patayala lanu musanachoke pasitolo. Koma ikhale ya milomo iwiri. Chubu chimene mwanyamuka nacho pakhomo si chimene mudzafike nacho, ndipo simudziwa kuti m'njira mudzapeza chotani. Ndipo musandiyang'ane ngati ndikunena za pampu yokha. Ena mwa inu mwakonza nyumba zanu, nthawi yanu, ngakhale mafoni anu, mochenjera kwambiri kuti mnzanu asapeze polowera, inu n'kumaoneka osalakwa. Ndikukuonani. Chinthu chimene mwachichepetsa dala kuti chisakwane mnzanu, tsiku lina chidzakana inu eni, panjira, dzuwa likukwera, mwana wa mlongo wanu akudikira kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo mudzapemphere kuti m'mudzi umene mwaimamo musakhale anthu ochenjera ngati inu.